Kupeza pulogalamu yakuseri imene ikuchedwetsa kompyuta

Pulogalamu yakuseri ndi pulogalamu imene imagwira ntchito m'kompyuta popanda kuonekera pa sikirini, ndipo kawirikawiri imayamba yokha mwini kompyutayo asanaiitane. M'Chingerezi imatchedwa background process. Pa Windows, ambiri mwa mapulogalamu amenewa amatchedwa services, pamene pa Linux ndi pa macOS amatchedwa daemons, dzina limene linayamba ndi akatswiri a Project MAC ku MIT mu 1963. Kompyuta ya Windows 10 kapena Windows 11 imene yangoyatsidwa kumene, munthu asanatsegule kanthu, nthawi zambiri imakhala ikuyendetsa kale mapulogalamu oterewa oposa 100.

Kuchuluka kwawo pakokha si vuto. Ambiri amangokhala chete kudikira nthawi imene angafunike: ina imadikira kuti munthu alumikize pulinta, ina imakonza wotchi, ina imayang'anira Wi-Fi. Kompyuta imachedwa pamene pulogalamu imodzi yatenga gawo lalikulu la chinthu chimene onse amagawana. Choncho kufufuza kumayamba ndi kudziwa chinthu chimene chaperewera, ndipo pambuyo pake m'pamene amafufuza pulogalamu imene yachimaliza.

Zinthu zinayi zimene mapulogalamu amagawana

Choyamba ndi purosesa, kapena kuti CPU, imene imatsatira malangizo a pulogalamu iliyonse. Mapurosesa a masiku ano amakhala ndi zigawo zingapo zotchedwa ma core, ndipo chigawo chilichonse chimatha kugwira ntchito yakeyake. CPU ikatanganidwa mopitirira, fani imalira kwambiri, laputopu imatentha ndipo zilembo zimachedwa kuoneka munthu akamataipa. Chachiwiri ndi RAM, malo amene kompyuta imaikamo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Chachitatu ndi disiki, momwe mumakhala mafayilo ngakhale kompyuta itazimitsidwa. Chachinayi ndi netiweki. Netiweki ikadzaza, masamba a pa intaneti ndi amene amachedwa, koma mapulogalamu ena monga olembera makalata amayenda bwinobwino.

Pa zinayizi, RAM ndi disiki ndi zimene zimasokoneza anthu kwambiri chifukwa vuto la chimodzi limaonekera pa chinzake. RAM ikadzaza kompyuta siima. Imayamba kusamutsa zina mwa zinthu zimene zinali mu RAM n'kukaziika pa disiki, m'fayilo imene pa Windows imatchedwa pagefile.sys, ndipo pa Linux malo amenewa amatchedwa swap. Koma liwiro la ziwirizi limasiyana kutali. Kupeza kanthu mu RAM kumatenga nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi, pamene pa hard disk, imene ili ndi mbale zozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. N'chifukwa chake laputopu ya RAM ya 4 GB ndi hard disk imatha kuonetsa kuti disiki ili pa 100 peresenti, munthu n'kuyamba kuikayikira disikiyo, pamene chaperewera kwenikweni ndi RAM.

Task Manager

Pa Windows chida choyamba ndi Task Manager, chimene chinalembedwa ndi David Plummer ndipo chinatuluka mu Windows NT 4.0 mu 1996. Chimatseguka podina mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Chinakonzedwanso kwambiri mu Windows 8 mu 2012, ndipo kuyambira pamenepo manambala amapakidwa mtundu umene umaderapo pulogalamu ikamadya zambiri. Pa Windows 10 nthawi zina chimatseguka ngati kawindo kakang'ono koonetsa mapulogalamu otsegula okha, ndipo zina zonse zimaoneka munthu akadina More details.

Gawo la Performance limaonetsa CPU, Memory, Disk ndi netiweki, chilichonse ndi chithunzi chake cha mmene chakhala chikugwirira ntchito m'masekondi 60 apitawo. Apa ndi pamene pamadziwika chinthu chimene chaperewera. Gawo la Processes limaonetsa mapulogalamu onse, ndipo kudina pamutu wa danga la CPU, Memory, Disk kapena Network kumawandandalika kuyambira pa imene ikudya kwambiri. Zimenezi zimathandiza pokhapokha zikachitika panthawi imene kompyuta ikuchedwa. Komanso m'masekondi oyambirira Task Manager yeniyeniyo imakwera pamwamba chifukwa kutseguka kwake kumafuna CPU, choncho mndandanda umafunika kuuyang'ana kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pulogalamu imene imakwera n'kutsika msanga sikhala ndi mlandu. Yokayikitsa ndi imene yakhazikika pamwamba osasuntha.

Manambalawa ali ndi kawerengedwe kake. Pulogalamu imene yasokonekera n'kumangobwereza chinthu chimodzimodzi imatha kudzaza core imodzi yokha. Pa kompyuta ya ma core 4 imaoneka pa 25 peresenti, ndipo pa ya ma core 8 imaoneka pa 12 kapena 13 peresenti. Nambala yaing'ono chonchi imapusitsa, koma ikakhala yosasintha kwa nthawi yaitali imasonyeza kuti pulogalamuyo yakodwa. Nayonso 100 peresenti ya disiki sitanthauza kuti disiki yadzaza mafayilo, kapena kuti ikutumiza zinthu zambiri. Imatanthauza kuti disikiyo siikupuma. Hard disk imene ikufunafuna timafayilo ting'onoting'ono tomwazikana imatha kufika pa 100 peresenti ikuwerenga 1 MB kapena 2 MB yokha pa sekondi.

Zimene Task Manager sionetsa bwino zimapezeka mu Resource Monitor, imene imatseguka polemba resmon pa malo ofufuzira a Windows. Gawo lake la Disk limatchula fayilo iliyonse imene ikuwerengedwa kapena kulembedwa ndiponso pulogalamu imene ikuchita zimenezo. Ngati pamwamba pali pagefile.sys, ndipo nambala ya Hard Faults pa gawo la Memory ndi yokwera nthawi zonse, ndiye kuti RAM yachepa.

Dzina lokhala pamwamba si nthawi zonse lili lolakwa

Chitsanzo chodziwika bwino ndi System Idle Process, imene imaoneka pa gawo la Details ndipo nthawi zambiri imakhala pa 90 peresenti kapena kuposa. Imeneyi si pulogalamu yodya CPU. Nambala yake imasonyeza gawo la CPU limene likungokhala, ndiye ikakwera zinthu zili bwino.

Dzina lina ndi svchost.exe, limene pa gawo la Processes limalembedwa kuti Service Host. Limeneli lili ngati chikwama chonyamuliramo ma service a Windows. Kale chikwama chimodzi chinkanyamula ma service ambiri, moti kunali kovuta kudziwa amene akuvuta. Kuyambira mu Windows 10 ya mtundu wa 1703, imene inatuluka mu 2017, makompyuta a RAM yoposa 3.5 GB amapatsa ma service ambiri chikwama chawochawo. Zotsatira zake n'zakuti dzina la svchost.exe limaoneka kambirimbiri pa mndandanda, zimene zimaopsa anthu ena popanda chifukwa, koma kufufuza kunaphweka. Kudina kamuvi ka pambali pa Service Host kumaonetsa service imene ili mkatimo.

Antimalware Service Executable, imene fayilo yake ndi MsMpEng.exe, ndi mbali ya Microsoft Defender. Imayang'ana fayilo iliyonse imene yatsegulidwa kapena kulembedwa. Choncho pulogalamu ina ikamalemba mafayilo masauzande, Defender imakwera pamwamba chifukwa chotsatira ntchito ya inzake. Kuzimitsa Defender pa chifukwa chimenechi kumasiya kompyuta yopanda chitetezo, gwero la vutolo lili pomwepo. Palinso System interrupts, imene si pulogalamu ayi koma nthawi imene CPU yathera poyankha zipangizo. Ikakhala yokwera, wolakwa amakhala driver kapena chipangizo china, monga cha USB kapena cha Wi-Fi, ndipo kuzula zipangizo chimodzichimodzi kumathandiza kuchipeza.

Browser nayo imasocheretsa. Chrome, imene inatuluka mu 2008, imagawa masamba ndi zowonjezera zake m'mapulogalamu osiyanasiyana, moti mu Task Manager imaoneka ngati gulu. Chrome ndi Edge zili ndi task manager yawoyawo imene pa Windows imatseguka ndi Shift ndi Esc, ndipo pa Firefox zomwezo zimaoneka polemba about:processes. Mmenemo ndi mmene mumadziwika tsamba kapena chowonjezera chimene chikudya RAM. Si zachilendo kupeza kuti tsamba limodzi loiwalika, lodzaza ndi mavidiyo otsatsa malonda, ndi limene lalemetsa kompyuta yonse.

Ntchito zimene zimatha zokha

Mapulogalamu angapo a Windows amalemetsa kompyuta kwa kanthawi chifukwa ali ndi ntchito yeniyeni yoti amalize. Windows Modules Installer Worker, kapena kuti TiWorker.exe, imaika ma update. Microsoft imatulutsa ma update achitetezo pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, chizolowezi chimene inayamba mu Okutobala 2003, motero masiku otsatira pamakhala ntchito yambiri. SearchIndexer.exe imalemba mndandanda wa mafayilo kuti kufufuza kuzifulumira, ndipo imatanganidwa munthu akangokopera mafayilo ambiri. SysMain, imene kale inkatchedwa Superfetch, imaikiratu mu RAM mapulogalamu amene munthu amakonda kutsegula, ndipo pa hard disk ntchito imeneyi imamveka kwambiri kompyuta ikangoyatsidwa.

Kompyuta imene imayatsidwa mwa apo ndi apo imavutika kuposa ina, chifukwa ntchito zonsezi zimaunjikana n'kuyamba nthawi imodzi. Mwini wake akamaizimitsa msanga chifukwa chotopa ndi kuchedwa, ntchitozo zimadzayambiranso ulendo wotsatira. Mankhwala ake ndi kuisiya yoyaka, ili pa magetsi, kwa ola limodzi kapena angapo.

Pa netiweki, amene amapezeka kawirikawiri ndi OneDrive, Google Drive, Dropbox, mapulogalamu a torrent ndiponso Delivery Optimization, imene imatenga ma update komanso imatha kuwatumiza ku makompyuta ena. Kwa munthu amene amalumikiza laputopu ku foni n'kumagwiritsa ntchito bandulo yogula, monga mmene ambiri amachitira ku Malawi ndi ku Zambia, nkhaniyi imakhudzanso ndalama. Kawirikawiri Windows imatenga Wi-Fi ngati intaneti yopanda malire, pokhapokha munthu atayatsa Metered connection pa Wi-Fi imeneyo. Ikayatsidwa, ma update ambiri amadikira.

Pa macOS ndi Linux

Pa macOS chida chofanana ndi Task Manager ndi Activity Monitor, chimene chili mu foda ya Utilities ndipo chili ndi magawo a CPU, Memory, Energy, Disk ndi Network. Kuno core iliyonse imawerengedwa ngati 100 peresenti, choncho pulogalamu imatha kuoneka pa 250 peresenti popanda cholakwika ndi chidacho. Pa RAM chofunika kuyang'ana ndi chithunzi cha Memory Pressure: chobiriwira chimasonyeza kuti RAM ikukwanira, chachikasu kuti yayamba kuchepa, chofiira kuti yaperewera. Mayina a mds, mds_stores ndi mdworker ndi a Spotlight, imene imalemba mndandanda wa mafayilo. Koma kernel_task ikakwera kwambiri, nthawi zambiri chifukwa chake ndi kutentha. Imatenga CPU dala kuti mapulogalamu ena asaitenthetse mopitirira.

Pa Linux pali top, imene William LeFebvre anailemba koyamba mu 1984 kuti izigwira ntchito pa Unix, ndiponso htop ya Hisham Muhammad ya mu 2004, imene ndi yosavuta kuwerenga. Mu top, kudina P kumandandalika potengera CPU ndipo M potengera RAM. Manambala atatu a load average amasonyeza kulemera kwa ntchito m'mphindi 1, 5 ndi 15 zapitazo, ndipo amawayerekeza ndi chiwerengero cha ma core: 4.0 pa kompyuta ya ma core 4 ndiye kuti yadzaza ndendende. Nambala ya wa ikakwera, CPU ikudikira disiki, ndipo iotop imaonetsa pulogalamu imene ikuchititsa.

Mapulogalamu obisala dala

Mapulogalamu ena oipa amadzipatsa mayina ofanana ndi a Windows, monga scvhost.exe kapena svch0st.exe, podziwa kuti diso silizindikira msanga. Njira yodalirika ndi kudina dzinalo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Open file location. Fayilo yeniyeni ya svchost.exe imakhala mu foda ya Windows, makamaka C:\Windows\System32. Ikapezeka mu AppData kapena mu Temp ndi yachinyengo. Mapulogalamu oterewa amalowa kudzera m'mafulashi obwerekana ndiponso m'mapulogalamu obedwa amene anthu amapatsana kwaulere.

Gulu limene limachedwetsa kwambiri ndi la mapulogalamu okumba ndalama za pa intaneti, makamaka Monero, pogwiritsa ntchito CPU ya munthu wina iye asakudziwa. Coinhive, imene inayamba mu Seputembala 2017 n'kutsekedwa mu Marichi 2019, inkachita zimenezi kudzera mu browser, ndipo akuba anaiika mobisa pa masamba ambiri. Ena mwa mapulogalamu okumbawa anapangidwa kuti aziima akangoona kuti Task Manager yatsegulidwa. Chizindikiro chake n'chakuti fani imalira kwa nthawi yaitali kompyuta ikungokhala, n'kukhala chete Task Manager ikatseguka, kenako n'kuyambiranso ikatsekedwa.

Pa nkhani zotere amagwiritsa ntchito Process Explorer ndi Autoruns, zida zaulere za Sysinternals. Sysinternals inayambitsidwa ndi Mark Russinovich ndi Bryce Cogswell mu 1996 ndipo Microsoft inaigula mu 2006. Process Explorer imaonetsa pulogalamu imene inayambitsa inzake, kampani imene inasainira fayilo, ndiponso imatha kufunsa ku VirusTotal ngati fayiloyo imadziwika kuti ndi yoipa. Autoruns imaonetsa malo onse amene pulogalamu ingadzilembetse kuti iziyamba yokha, ndipo malo amenewa ndi ambiri kuposa amene Task Manager imaonetsa.

Kufufuza pochotsera

Mndandanda ukalephera kuloza wolakwa, amafufuza pozimitsa mapulogalamu m'magulumagulu. Poyambira ndi gawo la Startup mu Task Manager, limene limaonetsa mapulogalamu oyamba okha kompyuta ikayatsidwa ndi kulemera kwake, High, Medium kapena Low. Kudina Disable sikuchotsa pulogalamu, kumangoiletsa kuyamba yokha. Makompyuta ogulidwa kwa munthu wina kapena obwera ndi mapulogalamu a kampani yowapanga amakhala ndi zambiri pamenepa zimene mwini watsopano sanazipemphe. Ma antivirus awiri oyendera limodzi ndi vuto lina lodziwika, chifukwa iliyonse imayang'ana zimene inzake ikuchita.

Njira yozama ndi clean boot. Munthu amatsegula msconfig, pa gawo la Services amachonga Hide all Microsoft services, n'kuzimitsa otsalawo ndi kuyatsanso kompyuta. Vuto likatha, ndiye kuti wolakwa ali m'gulu lozimitsidwalo. Kenako amayatsa theka la gululo n'kuona ngati vuto labwerera, ndipo amapitiriza kugawa pakati theka limene lili ndi vuto. Pa ma service 32, kugawa chonchi kumapeza wolakwa pa maulendo 5, pamene kuyesa imodziimodzi kungafike maulendo 31. Kuiwala kubisa ma service a Microsoft n'koopsa chifukwa ena mwa iwo ndi ofunika polowa m'kompyuta.

Pamene akuyesa zimenezi pamafunika Restart, osati Shut down. Kuyambira mu Windows 8 muli Fast Startup, imene pozimitsa imasunga mbali yapakati ya Windows pa disiki n'kudzaibwezeretsa mmene inalili poyatsa. Driver amene anasokonekera amabwerera ali wosokonekera. Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano. Nambala ya Up time pa gawo la Performance imaulula zimenezi: kompyuta imene imazimitsidwa usiku uliwonse imatha kuonetsa kuti yakhala ikuyenda masiku ambiri.

Kuimitsa pulogalamu

End task imaimitsa pulogalamu, ndipo zimene sizinasungidwe zimatayika. Pa mapulogalamu wamba monga browser kapena choimbira nyimbo palibenso choopsa china. Koma csrss.exe, wininit.exe, lsass.exe ndi anzake ndi mizati ya Windows. Akaimitsidwa, kompyuta imazima kapena kuonetsa sikirini ya cholakwika chachikulu, monga CRITICAL_PROCESS_DIED. Kuimitsa update ili pakati kumathanso kusiya mafayilo osamaliza. Dzina lachilendo limafunika kulifufuza kaye, ndipo Task Manager ili ndi Search online ya ntchito imeneyi.

Pa Windows 11, kuyambira mu mtundu wa 22H2 wa mu 2022, muli Efficiency mode, imene imaika pulogalamu kumbuyo kwa mzere popanda kuiimitsa. Pa Linux ndi macOS lamulo la renice limachita zofanana, pa manambala oyambira -20 mpaka 19 kapena 20, ndipo nambala yaikulu imatanthauza kupatsa mpata anzake. Lamulo la kill limapempha pulogalamu kuti itseke mwadongosolo, pamene kill -9 imaidula nthawi yomweyo, choncho imayenera kukhala yomalizira. Kuimitsa sikuchiritsa ngati pulogalamuyo inadzilembetsa kuti iziyamba yokha, chifukwa imabweranso kompyuta ikayatsidwa. Kukonza kokhalitsa ndi kuichotsa, kuika mtundu wake watsopano kapena kusintha nthawi imene imagwirira ntchito.

Pamene palibe pulogalamu yolakwa

Nthawi zina mndandanda umakhala wabata koma kompyuta ikuchedwabe. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Fumbi lotseka fani ndi timabowo totulutsira mpweya ndi limene limachititsa zimenezi kawirikawiri, makamaka m'chilimwe, ndipo laputopu yoikidwa pa bedi kapena pa bulangete imavutika chimodzimodzi. Gawo la Performance limaonetsa Speed ya CPU pamodzi ndi Base speed. Speed ikakhala pansi kwambiri pamene CPU ili ndi ntchito yambiri, chifukwa chake chimakhala kutentha, kapena njira yosungira batire imene imayamba magetsi akathima, kapenanso chaja yosakwanira mphamvu.

Kompyuta ya RAM ya 4 GB, umene ndi mlingo wotsikitsitsa umene Windows 11 imavomereza, imadzaza ndi Windows yeniyeniyo ndi masamba ochepa a browser. Pamenepo palibe pulogalamu imene kuichotsa kungasinthe zambiri. Chimene chimasintha ndi kuwonjezera RAM kapena kuika SSD m'malo mwa hard disk, popeza SSD ilibe mbali zozungulira ndipo imapeza timafayilo tomwazikana mofulumira kwambiri.

Choopsa kuposa zonse ndi disiki imene ikufa. Imabwereza kuwerenga malo owonongeka, ndiye imakhala pa 100 peresenti pamene palibe pulogalamu imene ikuwerenga zambiri, ndipo Response Time mu Resource Monitor imafika pa masekondi athunthu. Hard disk yotere nthawi zina imamveka kugogoda. Madisiki amasunga mbiri ya thanzi lawo m'njira yotchedwa SMART, imene imawerengeka ndi zida monga CrystalDiskInfo pa Windows kapena smartctl pa Linux. Zidazi zikaonetsa chenjezo, ntchito yoyamba ndi kukopera zithunzi, zikalata ndi ntchito za kusukulu pa disiki ina, kuyambira ndi zofunika kwambiri, chifukwa kuyendetsa antivirus kapena zida zokonzera pa disiki yofooka kumaiwonjezera ntchito ndipo ikhoza kufa kukoperako kusanayambe.